Mmene banja la kumudzi lingakonzekerere ngozi zogwa mwadzidzidzi

Ngozi yaikulu ikagwa kumudzi, thandizo silifika tsiku lomwelo. Mvula imene yagwetsa nyumba ndi yomweyonso imene imakokolola milatho, kudula misewu ndi kuzimitsa magetsi, kotero kuti ofuna kudzathandiza amangoima tsidya lina akusowa powolokera. Kwa masiku atatu oyambirira, mwinanso sabata yathunthu, banja limadalira manja ake ndi a anansi ake basi. Zambiri mwa zimene zimapulumutsa moyo m'masiku amenewa sizifuna ndalama zochuluka, koma zimafuna kuti zikhale zitakambidwa kunja kudakali bwino, pakuti munthu amene wadzidzimutsidwa ndi madzi pakati pa usiku, ana akulira, nyali itazima, sakhala ndi mpata woganiza mofatsa.

Yambani ndi kuwadziwa malo amene mwamangapo. Wokhala m'chigwa aope madzi, wokhala m'munsi mwa phiri aope kugumuka kwa nthaka, wa pamtetete aope mphepo ndi mphezi, ndipo amene wazunguliridwa ndi udzu wautali aope moto wolusa. Sankhani ngozi imodzi kapena ziwiri zimene zingakugwerenidi, ndipo mphamvu zanu zithere pamenepo. Funsani akuluakulu amene akhalitsa m'deralo kuti madzi anafika pati chaka chimene anasefukira koposa, ndipo akakuonetseni ndi chala pamtengo kapena pathanthwe m'malo mongokuuzani pakamwa. Akale anati madzi saiwala khwawa, ndipo pa nkhani iyi mawuwa atengeni monga alili. Kakhwawa kouma kodutsa kuseri kwa nyumba, kamene ana amaseweramo m'chilimwe, kanakumbidwa ndi madzi, ndipo madziwo adzadutsamonso ngakhale patapita zaka 20.

Amene muli pafupi ndi phiri kapena malo otsetsereka, makamaka ngati mitengo yake inatha kudulidwa, phunzirani zizindikiro zakuti nthaka yayamba kusuntha. Ming'alu yatsopano pansi kapena pakhoma, chitseko chimene chayamba kukana kutsekeka, mitengo yopendekeka mwadzidzidzi ndi akasupe otumphuka pamalo pomwe sipanatulukepo madzi, zonsezi zimasonyeza kuti nthaka yakhuta madzi. Chizindikiro choopsa kwambiri, chimene munthu angachiyese nkhani yabwino, ndi mtsinje umene waphwa mwadzidzidzi mvula ikadali kugwa. Kawirikawiri zimenezi zimatanthauza kuti kumtunda miyala ndi mitengo zatseka njira ya madzi, ndipo chotchingacho chikaphulika, madzi, matope ndi miyala zimatsika pamodzi pa liwiro loti munthu sangazithawe pothamanga kutsogolo kwake. Mukamva mkokomo kuphiri, thawirani chammbali ndi kukwera pamalo okwera; musatsike motsata khwawa.

Nkhani yovuta kuposa zonse ndi yakuti banja lichoke liti pakhomo. Si ochepa amene amafa atamva kale chenjezo, chifukwa anati tiyambe taona. Njira yothetsera kuzengereza kumeneku ndi kugwirizana chizindikiro chimodzi chimene sichifuna mtsutso. Khomani chikhomo m'mbali mwa mtsinje, mujambulepo mzere ndi penti, ndipo mupangane kuti madzi akangofika pamzerewo aliyense anyamuka, kaya mvula yakata kaya ikugwabe. Mtsinje umadzala ndi mvula yogwa kumtunda, kutali ndi kwanu, choncho thambo loyera pamwamba pa nyumba yanu silikutsimikizirani kanthu. Ngati muli ndi wachibale kumtundako, mpempheni kuti aziimba foni mvula ikachuluka. A zanyengo akalengeza pawailesi kuti namondwe afika mawa, nthawi yochoka ndi lero dzuwa lisanalowe. Nthawi zina mudzachoka, n'kubwerera m'mawa n'kupeza kuti palibe chimene chachitika, ndipo mwina anzanu adzakusekani. Zimenezo zisakufooketseni ulendo wotsatira.

Kuti kuthawa msanga kumapulumutsa anthu si nkhambakamwa chabe. Mu 1970 namondwe wotchedwa Bhola anapha anthu osachepera 300,000 m'dera limene lero ndi dziko la Bangladesh, ndipo wina wa mu 1991 anapha pafupifupi 138,000. Dzikolo linamanga nyumba zolimba zothawirako, n'kuphunzitsa anthu ongodzipereka a m'midzi momwemo kuti aziyenda khomo ndi khomo ndi zokuzira mawu pochenjeza anzawo. Pamene namondwe wina wamphamvu wotchedwa Sidr anafika mu 2007, boma linawerenga anthu akufa pafupifupi 3,400. Chiwerengerochi n'chachikulu ndithu, koma kusiyana kwake kunadza makamaka chifukwa anthu anali atadziwiratu kothawira ndi nthawi yonyamukira.

Kothawirako kusankhidwe ndi kuyendedwa ndi mapazi nyengo ya mvula isanayambe. Akhale malo okwera, kaya ndi sukulu, nyumba ya mapemphero kapena kwa wachibale, ndipo njira yake isadutse pamtsinje kapena padambo. Pezaninso njira yachiwiri, poti yoyambayo ikhoza kutsekeka. Madzi othamanga amanyenga kwambiri. Ozama masentimita 15 okha, ongopitirira pang'ono akakolo, amatha kugwetsa munthu wamkulu. A masentimita 30 amayandamitsa galimoto yaing'ono, ndipo a masentimita 60 amakokolola galimoto zambiri. Chinanso n'chakuti m'madzi amatope simungaone ngati msewu kapena mlatho udakalipo pansi pake. Lamulo la pakhomo likhale lakuti palibe wowoloka madzi othamanga, kaya wapansi, wapanjinga kapena wapangolo.

Mukatero gawanani anthu, ndipo muwatchule mayina. Ndani adzagwira mkono agogo amene saona bwino? Ndani adzabereka khanda, ndipo ndani adzapita kukadzutsa mnansi wosamva amene kukuwa kwanu sikungamufike? Zikasiyidwa kuti aliyense adzaona, aliyense amaganiza kuti mnzake wachita kale. Mayi woyembekezera amene masiku ake ayandikira asadikire chenjezo. Asamukire pafupi ndi chipatala mitsinje isanadzale. Ana a sukulu auzidwe momveka kuti mtsinje ukadzala akhale tsidya lomwe ali, kusukulu kapena kunyumba yodziwika, ndipo makolo awatsimikizire kuti sadzakalipiridwa chifukwa chosabwera kunyumba, pakuti mwana woopa kukalipiridwa amalowa m'madzi. Mwana aliyense aloweze mayina onse a makolo ake ndi nambala imodzi ya foni. Sankhaninso wachibale mmodzi wokhala kutali amene aliyense adzamudziwitsa komwe ali ngati mwabalalikana, ndipo dziwani kuti uthenga wolemba umatha kudutsa pamene netiweki yafooka moti kuimba kukukanika.

Ziweto ndi zimene zimachititsa anthu ambiri kukana kuchoka, ndipo si nkhani yowadzudzula nayo mopepuka, chifukwa kwa banja la kumudzi ng'ombe kapena mbuzi ndiye chuma chonse chimene lasunga. Ku Bangladesh komwe kuja, m'madera ena a m'mphepete mwa nyanja anaunjika zitunda zadothi zoti ziweto zizikwerapo, kuti eni ake athawe ndi mtima umodzi. Inunso pezani malo okwera a ziweto zanu, ndipo muzisamutse tsiku limodzi kapena awiri anthu asananyamuke, mutaziika chizindikiro choti mudzazizindikire. Ngati nthawi yakutherani, tsegulani khola ndi kumasula zingwe. Chiweto chomasuka chimadzifunira chokha malo okwera, koma chomangidwa pachikhomo chimamira pomwepo. Pasapezeke munthu wobwerera m'madzi chifukwa cha chiweto.

Zonyamula zikhale zochepa moti munthu mmodzi angazisenze akuyenda mofulumira. Ndowa ya pulasitiki ya chivindikiro chothina imaposa chikwama, chifukwa madzi salowamo, ndipo mukafika kothawirako idzakhala yotungira madzi. Pansi pake ikani ziphaso, makalata a malo, mabuku a kuchipatala ndi masatifiketi a sukulu, zitakulungidwa m'mapepala a pulasitiki awiri. Muzijambulenso pafoni n'kutumiza zithunzizo kwa wachibale uja. Onjezani tochi ndi mabatire apadera, wailesi yaing'ono, machesi okulungidwa bwino, sopo, mpeni, chingwe, nsalu zoyera, zofunika amayi ndi atsikana pa nthawi ya msambo, neti ya udzudzu, ndi manambala a foni olembedwa papepala. Ndalama zogwirika pang'ono zikhalemonso, poti za pafoni sizitapika netiweki ikasowa. Chimene chimaiwalika kawirikawiri ndi mankhwala a tsiku ndi tsiku. Amene amamwa ma ARV, mankhwala a chifuwa chachikulu, a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena a khunyu asalole kuti atsale ndi a masiku awiri okha m'nyengo ya mvula. Akatenge ena nthawi idakalipo, ndipo dzina la mankhwalawo ndi kamwedwe kake zilembedwe papepala la m'ndowa. Ndowayi ikhale pamalo amodzi odziwika kwa onse, pafupi ndi khomo, ndipo muziitsegula kawiri pachaka kuona ngati mabatire ndi mankhwala zikadali zamphamvu.

Pa zonse zimene mungasunge, madzi akumwa ndiwo ayenera kukudetsani nkhawa kwambiri. Madzi akasefukira, akumwa ndi amene amayamba kusowa, chifukwa zimbudzi zimadzala n'kutayikira, ndipo zonyansazo zimalowa m'zitsime ndi m'mitsinje. Munthu amafuna malita 2.5 mpaka 3 patsiku kuti akhale ndi moyo, ndipo mabungwe othandiza pa ngozi, potsata miyezo yapadziko lonse yothandizira anthu pa ngozi yotchedwa Sphere, amayesetsa kupereka malita osachepera 15 pa munthu patsiku kuti amwe, aphikire ndi kudzisamalira. Werengani za pakhomo panu: banja la anthu 6 limamaliza chigubu cha malita 20 tsiku limodzi pa kumwa kokha, choncho pa masiku atatu lifuna zigubu zitatu. Zidzazeni mukangomva chenjezo, muzitseke, muziike pamalo okwera. Chigubu cha kukamwa kopapatiza chimasunga madzi bwino kuposa chidebe chotsegula, chifukwa madzi amatsanulidwa ndipo palibe dzanja kapena chikho cholowamo.

Osungidwawo akatha, madzi ena aliwonse ayambe atetezedwa asanamwedwe, ngakhale akuoneka oyera. Ngati ndi amatope, asiyeni akhazikike, kenaka muwasefe pansalu yoyera yopinda kangapo. Kusefa kumachotsa matope koma sikupha tizilombo. Awiritseni mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu, ndipo pa chifukwa chimenechi sungani mtolo wa nkhuni zouma pansi pa denga, chifukwa mvula ikagwa masiku angapo nkhuni zonse za panja zimakana kuyaka. Ngati mukugwiritsa ntchito klorini, tsatirani muyezo wolembedwa pabotolo kapena papaketi, ndipo mudikire mphindi 30 musanamwe. Zonsezi zikasowa, thirani madzi oyera m'mabotolo a pulasitiki oonekera mkati, osapitirira malita 2, muwagoneke padenga la malata kwa maola 6 dzuwa likuwala bwino, kapena masiku awiri kukakhala mitambo.

Matenda otsegula m'mimba ndi amene amatsatira madzi oipa, ndipo kolera imatha kupha munthu wamkulu wamphamvu m'maola ochepa chifukwa cha kutha kwa madzi m'thupi. Sungani mapaketi a ORS, mankhwala obwezeretsa madzi m'thupi, m'ndowa ija. Akasowa, tengani lita imodzi ya madzi otetezedwa, muthiremo masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono la mchere. Supuni iliyonse muisalaze pamwamba ndi kumbuyo kwa mpeni kuti isakhale ndi mulu, ndipo mulawe musanapatse wodwala: mchere wake usapose wa misozi, chifukwa ukachuluka umavulaza mwana. Wodwala amwe pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ndipo akasanza dikirani mphindi 10 n'kuyambiranso. Madzi osakanizawa akatha maola 24, otsala atayidwe. Khanda lipitirize kuyamwa, ndipo mwana wotsegula m'mimba apatsidwe zinki kwa masiku 10 mpaka 14 ngati alipo. Wodwala amene maso alowa, wasiya kukodza kapena akulephera kumwa, anyamulidwe kupita kuchipatala akumwetsedwa m'njira. Chimbudzi, ngakhale chongoyembekezera, chikumbidwe pamtunda wa mamita osachepera 30 kuchokera pachitsime, ndiponso kumunsi kwake, ndipo sopo wosambira m'manja akhale pomwepo.

Za chakudya, sungani chouma chimene sichichedwa kupsa, chokwana masiku angapo, ndipo chikhale pathandala lokwera osati pansi. Mbewu zodzala zipatseni ulemu woposa, chifukwa banja limene lapulumutsa mbewu limadzalanso madzi akaphwa, pamene lomwe zatayika limadikira kupatsidwa. Ziumitseni bwino, muziike m'chigubu chotseka mpweya, ndipo gawo lina mukasungitse kwa wachibale wa kumtunda. Mbewu zothira mankhwala zilembedwe kuti munthu asadzazidye njala ikavuta. Feteleza ndi mankhwala ophera tizilombo zikhale pamwamba, kutali ndi chakudya.

Ntchito ya panyumba ichitike m'chilimwe. Mphepo yamkuntho imanyamula denga kuchokera pansi ikalowa pakhonde kapena pazenera losweka, choncho chofunika ndi chakuti denga ligwirane ndi khoma. Mangani mitengo ya denga ndi waya wolimba wozikika m'khoma mizere ingapo ya njerwa kutsika pansi, ndipo misomali ya malata ichuluke m'mphepete ndi m'makona, momwe mphepo imayambira kukanganula. Miyala ndi njerwa zotsindira malata sizithandiza pa mphepo yaikulu, ndipo zimagwera anthu omwe ali m'nyumbamo. Amene mukumanga kumene, dziwani kuti denga lotsetsereka mbali zinayi limapirira mphepo kuposa la mbali ziwiri. Khoma la njerwa zosawotcha limagwa kuyambira pansi. Mvula ikagwa, weramani muone m'munsi mwake: mukapeza mzere wakuda wa chinyezi ukukwera, ndipo dothi lake likunyenyeka mukalikanda ndi chala, khomalo likudyeka. Kumbani ngalande yotaya madzi kutali, mutsendere dothi kuzungulira maziko kuti madzi asaime pakhoma, ndipo mudule nthambi zolendewera padenga.

Namondwe akakupezani m'nyumba yolimba, khalani m'chipinda chaching'ono chamkati, kutali ndi mazenera. Kukangoti zii mwadzidzidzi musatuluke msanga, pakuti pakati pa namondwe pamakhala bata la kanthawi, ndipo mphepo imabwereranso kuchokera mbali ina. Pa mphezi, werengani masekondi kuchokera pa kung'anima mpaka pa bingu. Masekondi atatu aliwonse ndi pafupifupi kilomita imodzi, koma bingu lililonse limene mwalimva likutanthauza kuti mphezi ikhoza kukufikani. Chokani kumunda, pamadzi ndi pansi pa mtengo woima pawokha, ndipo mudikire mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza musanabwerere. Munthu amene wawombedwa ndi mphezi sasunga magetsi m'thupi, choncho mgwireni ndi kumuthandiza msanga. Kukazizira, mbaula ya makala isagone m'chipinda chotseka: makala amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndiponso sununkha, ndipo umapha anthu ali m'tulo.

Ngozi zina zimafuna mawu ochepa. Moto wolusa umatchingidwa polambula udzu kuzungulira nyumba, nkhokwe ndi khola udzuwo usanaume, ndi kusunga petulo ndi parafini kunja kwa nyumba yogona. Wopsa athiridwe madzi oyera ozizira pachilondapo kwa mphindi 20, osapakapo mafuta kapena china chilichonse. Wotaya magazi atsindiridwe nsalu yoyera pabalapo mwamphamvu osachotsachotsa. Chivomezi chikayamba, gwadani pansi, tetezani mutu ndi khosi pansi pa tebulo lolimba, ndipo chikaleka tulukani mukaime poyera kutali ndi makoma, chifukwa zivomezi zina zing'onozing'ono zimatsatira. Chilala chokha ndicho chimabwera pang'onopang'ono n'kupereka mpata: mukangokolola werengani kuti chakudya chikufikitsani mwezi uti, ndipo ngati chaperewera gulitsani ziweto zina zikadali zonenepa, msika usanadzale ndi zowonda.

Pobwerera kunyumba pafunika kudekha kofanana ndi kwa pochoka. Yambani mwazungulira nyumba kunja, muone ming'alu ndi makoma opendekeka, ndipo ana asalowe mpaka wamkulu atatsimikiza, chifukwa khoma lonyowa limatha kugwa ngakhale mvula itasiya masiku apitawo. Waya wa magetsi wogwa pansi muziuyesa wamoyo nthawi zonse. Njoka nazonso zimathawira pouma, choncho gwedezani zofunda ndi nsapato, ndipo musapise dzanja pomwe simukuona. Wolumidwa asatemedwe, asayamwidwe pabalapo ndiponso asamangidwe chingwe chothina. Mgonekeni, chiwalo cholumidwacho chisagwedezeke, n'kumunyamula kupita kuchipatala. Bala la msomali kapena lata litsukidwe ndi sopo ndi madzi oyera, ndipo mwini wake akafunse za katemera wa kafumbata. Chakudya chimene chakhudzana ndi madzi osefukira chitayidwe, ndipo zokolola zimene zachita chuku zisadyedwe ndi anthu kapena ziweto, chifukwa chuku china chimatulutsa poizoni woononga chiwindi amene satha ndi kuphika. Chitsime chimene chinamira chiphwetsedwe ndi kuthiridwa klorini, ndipo madzi ake muziwateteza kufikira azaumoyo atawayeza. Pakapita masabata angapo udzudzu umachuluka m'zithaphwi zotsala, choncho aliyense agone m'neti kuyambira usiku woyamba, ndipo mwana akatentha thupi akayezedwe malungo tsiku lomwelo.